Pikapu Yomwe Inaleka Kukana Katundu

Panali munthu wina amene anali ndi pikapu yaikulu, yakale, yoyendera petulo. Dzina lake tingoti Kamphanje. Galimoto imeneyo ndiyo inali miyendo ya mudzi wonse. Lachisanu lililonse m'mawa inkanyamula amayi a tomato, kabichi ndi mbatatesi kupita nawo kumsika wa kumsewu wa tala.

Pakati pa mudzi ndi msika panali chitunda. Msewu unkakwera mbali ino n'kutsetsereka mbali inayo, ndipo kumunsi kwa mtsetsewo kunali mlatho wopapatiza wa matabwa. Chitundacho anthu anachitcha Tsikani, chifukwa pikapu ikafika patsinde pake mawu a dalaivala ankakhala omwewo: "Tsikani!" Injini inali yofooka. Matumba akapitirira khumi ndi awiri inkangolira, n'kunjenjemera, n'kuzima. Choncho amuna ankatsika n'kukwera chitunda wapansi. Madengu otsala ankawasiya pamthunzi, mayi mmodzi n'kukhala mlonda, galimoto n'kudzawatenga ulendo wachiwiri. Zinali zotopetsa, sindikukana. Koma panatha zaka zisanu ndi zinayi popanda munthu wothyoka ngakhale chala.

Kutsogolo, pambali pa dalaivala, kunkakhala mlongo wake wamkulu, Nangondo. Anali mayi wamasiye wa ana anayi, ndipo anawo ankadya, kuvala ndi kupita kusukulu chifukwa cha tomato wa kudimba kwake. Mpando wakutsogolo unali wake mwa ulemu, poti ndiye analera Kamphanje makolo awo atamwalira.

Tsono Kamphanje chitunda chimenechi chinkamudya mumtima. Akafika kumsika dzuwa litakwera, madalaivala anzake ankamulandira ndi phwete.

"A Kamphanje, lero mwabwera pa galimoto kapena galimoto yabwera pa inu?"

Iye ankaseka nawo, koma mano okha.

Tsiku lina anaona pa foni chipangizo chimene amachitcha supachaja. Inu ophunzira anga mukuchidziwa, tinachiphwasula limodzi pano pasukulu ya umakanika. Ndi chitsulo chimene amachimanga pamwamba pa injini, lamba n'kumachizunguza, icho n'kumapopera mpweya wochuluka mkati monga umachitira mvukuto wa osula makasu. Mpweya ukachuluka moto umakula, moto ukakula galimoto imakoka. Kamphanje anagulitsa ng'ombe zitatu n'kuitanitsa chipangizocho kuchokera kunja. Patatha miyezi iwiri bokosi linafika.

Analinyamula paphewa n'kupita nalo kwa makanika wina wachikulire wa m'tauni. Mkuluyo bokosi sanalitsegule n'komwe. Anatenga jeke, n'kukweza galimoto, n'kuchotsa tayala, n'kugona pansi. Atatuluka anapukuta m'manja n'kunena kuti:

"Bwana, mabuleki awa ndi a matumba khumi ndi awiri. Injini yanu yofooka ija ndiyo yakhala ikusunga anthu. Imakana pokwera katundu amene mabuleki sangamugwire potsika. Mukaipatsa mphamvu, ileka kukana. Yambani mwasintha mabuleki, masipulingi ndi matayala. Mukatero mubwere nalo bokosi lanu, ndidzakumangirani ndi manja awiri."

"Madala," anatero Kamphanje, "ine ndabwera kudzafuna zokwerera chitunda, osati zoimira."

"Chitunda cha kwanu chija chili ndi mbali ziwiri," anayankha mkuluyo. "Ine sindimanga."

Kamphanje anakwiya. Anati nkhalambayi ndi ya nsanje, inaphunzira ntchito pa mathirakitala a atsamunda, zamakono yazionera kuti? Ananyamula bokosi lake n'kulowa pa galaja yoyandikana nayo. Pakati pa magalaja awiriwo panali mpanda wa malata chabe, ndipo makanika wachiwiriyo anamva mawu onse amene mnzake ananena. Anamva! Koma sanafunse kanthu. Tayala sanachotse, pansi sanagone. Anangotsegula boneti n'kuyamba kumasula.

Ndisaname, ntchito anaigwira bwino. Boti iliyonse anaimanga mofika pake, lamba anamukoka bwino, panalibe pothonya mafuta. Anali katswiri munthu ameneyo, ndipo n'chimene chimandiwawa koposa. Akanakhala mbuli ndikanati sankadziwa.

Lachisanu lotsatira pikapu inafika patsinde pa Tsikani. Amuna anayamba kudzuka mwachizolowezi kuti atsike. Kamphanje anatulutsa mutu pawindo.

"Khalani pomwepo!"

Anaponda moto. Injini inaimba likhweru, galimoto inakwera chitunda chonse osapuma. Amayi analulutira, amuna anamenya malata a galimoto ndi zikhato. Tsiku limenelo Kamphanje anafika kumsika anzake oseka aja asanatsitse n'komwe katundu wawo, ndipo anazungulira msika kawiri akuliza hutala.

Kuyambira pamenepo mawu oti "tsikani" anafera pomwepo. Matumba anachoka pa khumi ndi awiri kufika makumi awiri. Anachoka pa makumi awiri kufika makumi atatu. Injini sinkakana. Aliyense wobwera ndi thumba ankangomva kuti, "Ponyani pamwamba, ikoka imeneyi." Anthu nawonso ankakondwa, poti ndani amafuna kukwera chitunda wapansi?

Woyamba kuona kuti zinthu sizili bwino anali Nangondo. Iye za injini sankadziwa, koma mphuno anali nayo. Tsiku lina akutsetsereka anati:

"Achimwene, fungo ili ngati lamba wa chigayo akupsa likuchokera kuti?"

"Ndi fungo la mphamvu limenelo, achemwali. Mulizolowera."

"Ine likundiopsa. Bwanji tizichita monga kale, maulendo awiri? Miyendo ndikadali nayo, nditsika nawo."

"Mukufuna andisekenso kumsika?"

Galimoto ina kumudziko kunalibe, ndipo tomato akapsa sadikira. Nangondo anapitiriza kukwera, koma pa mtsetse ankagwira chitseko ndi manja awiri.

Musaganize kuti Kamphanje sankadziwa. Akafika kumsika ankatenga chigubu cha madzi n'kuzungulira kuseri kwa galimoto, kumene anthu sakumuona, n'kuthira pa matayala. Madzi ankalira kuti tswee, nthunzi n'kukwera. Munthu wothira madzi mobisa ndiye kuti akudziwa. Ndipo njira yopita kwa makanika wachikulire uja anali asanaiwale.

Linafika Lachisanu lina, nyengo yokumba mbatatesi. Matumba analipo makumi atatu ndi anayi, pamwamba pake madengu, pamwamba pa madengu anthu. Dzuwa linali litangotuluka, kunja kuli ngwee, msewu wouma. Pikapu inakwera Tsikani ikuimba likhweru lake, n'kuyamba kutsetsereka.

Kamphanje anaponda buleki, inagwira pang'ono. Anapondanso, inafewa. Ulendo wachitatu phazi linangofika pansi ngati waponda nthochi yakupsa. Anayesa kubweza giya, zitsulo zinangokukuta. Kumbuyo amayi anayamba kukuwa.

"Achimwene, chitanipo kanthu!" anafuula Nangondo.

Chochita chinalipo. Kumbali ya dalaivala kunali khoma la dothi, pamene anadula phiri pokonza msewu. Akanakhotetsera kumeneko n'kukhukhuza galimoto kukhomako, mbali yake ndiyo ikanaphwanyika, mwina mwendo wake ukanathyoka, koma galimoto ikanaima mlatho usanafike. Dalaivala aliyense wa m'mapiri amadziwa zimenezi. Kamphanje anayang'ana khoma, anayang'ana mlatho. Kenako anatsegula chitseko n'kudumphira m'ngalande ya udzu.

Galimoto inapitirira yokha, pachiwongolero palibe munthu, mlongo wake ali pampando wa ulemu.

Anamwalira anthu asanu, mmodzi mwa iwo Nangondo. Kamphanje anangosupuka pachigongono.

Tsono mverani zimene zinachitika pa maliro. Kwathu kuno mukudziwa, mkazi akamwalira, mlongo wake wamwamuna ndiye mwini mbumba. Ndiye amakhala pafupi ndi ana, ndiye amalandira anthu, ndiye amaima kuyankhula m'malo mwa banja. Mwambo utafika pamenepo, woyendetsa mwambo anaitana kuti, "Woimira banja." Palibe anaimirira. Anaitananso kachiwiri. Ana anayi aja anatembenuka uku ndi uku kufunafuna malume awo. Anthu anati mwina chisoni chamugwetsa, akamuone kunyumba. Kunyumba kunalibe.

Anali kumtsinje, pansi pa mlatho, ndi masipanala. Ankamasula supachaja kuti akuba angamuyambirire.

Anafika kumanda adzukulu akuunda kale mtumbira, m'zikhadabo muli mafuta akuda. Atapatsidwa mpata anaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Abale, chifuniro cha Mulungu sitingachikane. Inali nthawi yawo."

Ha! Nthawi yawo? Kodi Mulungu ndiye anagulitsa ng'ombe zitatu? Mulungu ndiye ananyoza makanika wachikulire? Ndiye ankathira madzi pa matayala kuseri kwa msika? Ndiye anatsegula chitseko? Ine zimandinyansa, ndikuuzeni poyera. Munthu aphe anzake ndi matama ake, pomaliza mlandu aukankhire kumwamba, anthu n'kuyankha kuti ame. Nkhani inakambidwa ndithu kumene imayenera kukambidwa. Iye anati mabuleki anangothawa okha mwadzidzidzi. Chigubu cha madzi chija palibe anachitchula, ndipo zonse zinathera pa mawu oti ngozi.

Patapita miyezi itatu Kamphanje anatulukiranso pa galaja ya makanika wachikulire, atanyamula chinthu chokulunga m'chiguduli. Anachiika patebulo n'kufunyulula, akumwetulira.

"Madala, taonani. Sichinasweke n'komwe, chikadali chatsopano. Ndapeza pikapu ina."

Mkuluyo anayang'ana chitsulocho. Kenako anafunsa kuti, "Mabuleki a galimoto yatsopanoyo mwasintha?"

"Zimenezo tiona m'tsogolo."

"Ana a achemwali anu ali kuti?"

"Anawagawana achibale."

"Nyamulani chinthu chanu," anatero mkuluyo. "Tulukani pa galaja panga, ndipo musadzapondenso pano."

Kamphanje anakulunga chitsulo chake n'kuzungulira mpanda wa malata uja. Makanika wachiwiri anali atamva za maliro asanu, poti tauni yonse inamva. Anatsegula boneti. Patatha masiku atatu pikapu inatuluka ikuimba likhweru.

Fanizo langa lathera pamenepo. Ndikudziwa mumadikira kuti ndinene kuti mphenzi inamuomba, kapena kuti anachita misala. Ayi. Galimotoyo ili pamsewu, ndipo Lachisanu lililonse imadzaza, chifukwa kumudzi kuja ina kulibe.

Inu mawa mukulandira masatifiketi anu, aliyense akatsegula galaja yake. Zaka ziwiri ndakuphunzitsani kumanga injini, ndipo ena a inu mwandiposa kale. Koma Kamphanje abwera pa galaja panu. Sabwera ndi nyanga. Abwera atasamba, bokosi lili paphewa, akukutchani bwana. Adzakuuzani kuti galimoto ndi yake, inu chanu n'kumanga basi. Galimoto ndi yake, inde, koma anthu okwerawo si ake. Iwo sanaone bokosi, sanamve zimene munakambirana, amangokhulupirira kuti amene anagwira sipanala anali munthu. Chitseko chodumphira chili kumbali ya dalaivala.

Choncho munthu akakupemphani mphamvu, boneti isiyeni kaye. Tengani jeke, chotsani tayala, gonani pansi muone chimene chidzagwire mphamvuyo potsika. Akakana, mubwezereni bokosi lake. Mudzagona ndi njala tsiku limenelo, ndipo mnzanu wa kuseri kwa malata adzakusekani. Musiyeni aseke. Kamphanje yekha sakanatha kumanga ngakhale boti imodzi. Kuti Nangondo afike pansi pa mlatho uja panafunika munthu wodziwa ntchito, wa satifiketi ngati yanuyi.