Chikalata cha Chidindo Chimodzi

Panali munthu wina, dzina lake Kamtedza, amene anagwira ntchito ku esiteti zaka zisanu ndi zinayi nagula ng'ombe ziwiri zolimira. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho, umene mvula ikayamba sunkawolokeka mpaka dzinja litatha. Mkazi wake ankamudikira kumeneko, munda uli wosalima.

Kusamutsa ng'ombe kunkafuna chilolezo, ndipo Kamtedza ankaidziwa njira yake: makomo asanu ndi awiri, zidindo zisanu ndi ziwiri. Ali mwana anaona bambo ake akulandidwa ng'ombe pa rodibuloko chifukwa chidindo chimodzi chinasowa. Bambowo anabwerera kumudzi ndi chingwe chokha.

Choncho Kamtedza anapita kuboma ndi ng'ombe zake atanyamula bulangete ndi kamba wa masabata awiri. Koma anapeza zenera limodzi. Mayi wa pazenerapo anafunsa mafunso atatu, natuma munthu kukaona ng'ombezo, nadinda chikalata kamodzi.

"Basi, bambo. Muyende bwino."

"Nanga zinazo, mayi?"

"Zinazo boma linachotsa. Chimodzichi n'chokwanira."

"Chidindo chimodzi, ngati khadi la kusikelo?"

"Iii, abambo inu! Kodi kuvutika mumakukonda? Wotsatira!"

Kamtedza anapinda chikalatacho, naika m'thumba, napita kuseri kukafuna makomo akale. Loyamba linali lokhoma. Lachiwiri anasungamo mipando yothyoka. Pa lachitatu mavu anali atamanga. Iye anati mwina mabwana ali kumsonkhano, nakhala pakhonde kudikira.

Khondelo ankalikumbuka lodzaza. Anthu ankagona pamenepo pamzere, kugawana mtedza ndi mzimbe, kutukwana boma motsitsa mawu, mpaka kusanduka abale. Tsopano panali iye ndi abuluzi. Anthu ankabwera pazenera paja, kutenga zikalata, n'kumapita ndi ziweto zawo dzuwa lisanafike pamutu. Iye ankawamvera chisoni. "Akazisiya pa rodibuloko amenewa," ankatero mumtima.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mvula inagwa kumapiri. Apo ndiye anamasula ng'ombe zake nanyamuka, mtima uli m'mwamba. Wapolisi wa pa rodibuloko anangoyang'ana chikalatacho kamodzi.

"Dutsani, achimwene."

Kamtedza anaimabe, kudikira kuti avutitsidwe.

"Ndati dutsani! Mukutseka msewu."

Atafika pamtsinje anapeza madzi ofiira akukokolola mitengo. Kutsidya utsi unkafuka pamudzi pawo. Anaitana dzina la mkazi wake katatu, koma mkokomo wa madzi unameza mawu ake. Dzinja lonselo anakhala tsidya lino m'kachisakasa ndi ng'ombe zake ziwiri, pamene mkazi wake ankalima yekha ndi khasu.

Abale anga, ine ndayenda m'maboma ambiri, ndipo a Kamtedza ndawapezamo ochuluka. Munthu akapunthidwa nthawi yaitali amayamba kukhulupirira mkwapulo kuposa mawu. Boma likadula malamulo ake lisaganize kuti lamaliza; lituluke pazenera, lipite kuseri kumene wina akudikirabe, limufotokozere mpaka amve. Ndipo iwe, ukapeza khomo limene unkagogoda kale latsekedwa, funsa kawiri, kenako nyamuka. Mtsinje sudikira kuti mantha ako athe.