Bokosi Losapukuta

Panali mayi wina, Nangondo, amene ntchito yake inali yoyesa mankhwala pa makoswe oyera a mu labu. Mankhwalawo anali oti akatsekereze enzaimu ina, kanthu ka mu ubongo kothandizira kuiwala, kuti munthu asamaiwale msanga. Kunyumba anali ndi bambo ake okalamba, amene anali atayamba kumufunsa kuti, "Kodi inu ndinu mwana wa yani?"

Makoswe onse ankawabaya kaye jakisoni wowaiwalitsa. Ena ankawapatsa mankhwala atsopanowo, ena ayi. Kenako ankawalowetsa mmodzimmodzi m'bokosi la tinjira tokhotakhota, kuti aone ngati akumbukire kumene kuli mtedza. Lamulo linali lakuti khoswe aliyense akatuluka, bokosilo lipukutidwe ndi sipiriti, chifukwa khoswe amatsata fungo la mnzake.

Koma kupukuta n'kotopetsa, abale! Miyezi itapita, msana ukuwawa, Nangondo anayamba kupukuta m'mawa mokha. Ndipo mwa chizolowezi ankayamba ndi makoswe osalandira mankhwala, n'kumalizira olandira.

Olandirawo ankangoti lii, molunjika ku mtedza. Akuluakulu anakondwa, nkhani yokayesa pa anthu inayambika. Nangondo ankaona kale bambo ake ali kutsogolo kwa mzere wolandira mankhwalawo. Za sipiriti zija ankazikumbukira ndithu, koma ankazikankhira kumbali.

Tsiku lina anaima nthawi yaitali, kansalu kali m'manja. Akanapanda kupukuta, palibe akanadziwa. Anausa moyo, napukuta bokosi lonse, n'kulowetsa khoswe wolandira mankhwala. Khosweyo anazungulirazungulira, n'kukakhala pakona kumadzinyambita. Wotsatira chimodzimodzi. Onse chimodzimodzi.

Anapita kwa mkulu wa labu.

"Bwana, mankhwala aja sakugwira. Makoswe ankangolondola fungo la anzawo. Ineyo sindinkapukuta."

Ntchito ya chaka chonse inathera pomwepo. Nangondo analira, inde, ndipo sankalirira ntchitoyo.

Tsono inu amene mwabwera kudzaphunzira ntchito ya mu labuyi, mvetserani, ine pakamwa patopa n'kubwereza. Kutopa mudzatopa nonse, palibe adzazembe. Choopsa n'chakuti tsiku lina kutopako kudzakupatsani yankho lomwe mtima wanu umalifuna, ndipo simudzafuna kulifunsa kumene lachokera. Zotsatira zikakukomerani kwambiri, nyamulani kansalu. Mukapanda kutero, kuli nkhalamba ina idzameza mapiritsi anu m'mawa uliwonse, mwana wake ali chiimire pambali, kudikira kuti lero mwina imutchula dzina.