Loya Wofuna Dziko ndi Maliro Osowa Manda

Galimoto ya Che Habibu Likongwe inafika pa mzikiti wa Shehe Mtalika Lachisanu m'mawa, fumbi lili kobo, anyamata a chipani atadzazana kumbuyo akuimba nyimbo za ufulu. Nkhaniyi ndinaimva kwa aphunzitsi anga amene anaona ndi maso awo, ndipo ndimaikamba nthawi zonse zisankho zikayandikira, chifukwa anthu athu sachedwa kuiwala.

Inali nyengo ija dziko lonse litadzuka kukana Chitaganya. Che Habibu anali mwini esiteti yaikulu ya fodya, imene bambo awo anagula kwa mzungu wina wobwerera kwawo. Anaphunzira zamalamulo kunja, ndipo atabwerako ankathyola chizungu m'khoti mpaka oweruza kupukuta magalasi. Anthu osauka akamangidwa chifukwa chokana malamulo a malimidwe, iwo ankawaimira osawalipiritsa. Boma la atsamunda litatopa nawo linawatsekera m'ndende, ndipo tsiku limene anatuluka anthu anawanyamula pamapewa kuchokera kusiteshoni mpaka kumsika. Tisaname, munthuyo anali wolimba mtima, ndipo ine ndimamukonda. Koma mapewa a anthu ndi malo oopsa, ukakhalitsapo umaiwala kuti pansi pali nthaka.

Masana a tsikulo kunali msonkhano waukulu kuboma, pamene chipani chimati chiwaonetse kwa anthu monga munthu wokaimira dera lonse ku Nyumba ya Malamulo. Che Habibu anatsika m'galimoto atavala suti yakuda, navula nsapato pakhomo, nakapeza Shehe atakhala pamphasa akusoka chikuto cha buku long'ambika. Shehe Mtalika anali ataphunzira zaka zambiri ku Zanzibar, koma ukakumana nawo panjira ukanati ndi mlimi wamba.

"Assalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikum salaam, bambo Likongwe. Takulandirani. Tinkakupemphererani muli m'ndende muja."

"Mapemphero anu anagwira ntchito, Shehe. Lero ndabwera ndi pempho. Ikatha swala, mapemphero athu a Lachisanu aja, mundichitire duwa, pemphero lapadera lija, mokweza pamaso pa anthu onse, kuti Mulungu afewetse mitima ya atsamunda atibwezere dziko lathu. Anthu akaona kuti inu mwakweza manja chifukwa cha ine, palibe amene akayike."

"Nanga mukawauza chiyani anthu kumsonkhanoko?" anafunsa Shehe.

Apa Che Habibu analephera kukhala pansi. Anaimirira, maso akuwala, nayamba kulankhula ngati ali kale pansanja.

"Ndikawauza kuti munthu wopanda nthaka ndi kapolo ngakhale alibe unyolo. Ndikawauza kuti mzungu anabwera ndi chingwe, anayeza minda ya makolo athu, natisandutsa alendo pamene tinabadwira. Thangata yatha, Shehe. Mwana aliyense wa dziko lino adzakhala ndi pake."

Anyamata amene anali pazenera anaomba m'manja. Shehe nawonso anamwetulira, nagwedeza mutu.

"Mawu okoma ndi oona," anatero.

Nthawi yomweyo kunamveka mawu a amuna akubwera mumsewu akutchula dzina la Mulungu monga timachitira ponyamula maliro. Shehe anaika buku pambali naimirira. Mwambo wathu mukuudziwa: jeneza, chonyamulira maliro chija, ikamadutsa, mwamuna aliyense amaperekako phewa ngakhale pang'ono, kaya womwalirayo akumudziwa kaya ayi.

"Tiyeni tikalandireko, bambo," anatero Shehe.

Che Habibu anatuluka mokondwa, poti anthu anali kuona, nalowetsa phewa la suti yawo pansi pa mtengo wa jeneza. Atayang'ana anzawo onyamula, anaona kuti thukuta lili kamukamu, mapazi ali mbuu ngati anthu ochokera kutali, ndipo aliyense akuwazemba maso. Kenaka anawazindikira. Onsewo anali matenanti a pa esiteti yawo.

Anatula jeneza pamthunzi wa mtengo wa mango pabwalo la mzikiti. Mwamuna wina dzina lake Jafali, mwana wa womwalirayo, anagwada patsogolo pa Shehe.

"Shehe, awa ndi bambo anga, Che Ndembo. Atisiya dzulo madzulo. Tawasambitsa, tawaveka nsanda, koma tilibe powaika."

Che Habibu anadzidzimuka. Che Ndembo anali mkulu amene ankayang'anira zigafa zoumitsiramo fodya kuyambira nthawi ya bambo awo.

"Mulibe powaika bwanji?" anafunsa Shehe.

Jafali anayang'ana pansi. Kulankhula pamaso pa mwini malo kunali kovuta, koma maliro amachotsa mantha.

"Tinapita kwa akapitawo kukapempha pokumba. Anati lamulo la bwana ndi lakuti pa esiteti pasakhale manda. Tinapita kumudzi woyandikana nafe, kumene tinkaika abale athu kale. Atiuza kuti manda awo adzaza, ndipo ife ndife obwera. Tayenda nawo kuyambira mbandakucha. Dzuwa likukwera, Shehe, ndipo thupi silingagonenso kunja."

Anyamata a nyimbo aja anayandikira mmodzimmodzi navula zipewa. Shehe sanakalipe. Anatembenukira kwa mlendo wawo mwaulemu womwe uja.

"Bambo Likongwe, kodi akapitawo anena zoona?"

Loya ndi loya basi, ngakhale pamaliro. Che Habibu anakonza tayi nayankha.

"Shehe, musandione ngati munthu wankhanza. Che Ndembo ndinkawakonda, nsanda ndi chakudya cha pamaliro ndilipira ndine. Lamulolo ndinalipeza, analisiya mzungu uja, ndipo lili ndi chifukwa chake. Pamene pagona manda, pakhala mudzi. Ndikalola dzenje limodzi lero, mawa adzukulu adzati kwathu ndi kuno, umboni ndi mitumbira iyi."

"Ndipo khoti lingawamvere?"

"Lingawamvere ndithu. Ine ndemwe ndinapambanapo mlandu wotere. Ndinatenga woweruza kupita naye kuthengo, ndinamusonyeza manda a makolo pa malo amene mzungu ankati ndi ake."

Atangotero anamva okha kulemera kwa mawu awo, nafulumira kuwonjezera.

"Koma zonsezi tikonza tikatenga boma. Tidzakhazikitsa lamulo latsopano la malo, aliyense adzapatsidwa pake. Angodikira pang'ono."

"Amoyo angathe kudikira, bambo," anatero Shehe. "Awa agona apawa sangathe."

Che Habibu anagwira njakata. Anayang'ana wotchi, anayang'ana jeneza, anayang'ananso khamu limene linali litayamba kusonkhana kudzapemphera. Ndikaganiza za mphindi imeneyo ndimawamvera chisoni, chifukwa si chinthu chapafupi munthu kupeza kuti mdani amene wakhala akumenyana naye mpaka kulowa m'ndende wakhala akugona m'nyumba mwake momwe.

"Ndiye mukundikaniza duwa, Shehe?" anafunsa motsitsa mawu.

Shehe Mtalika anawagwira dzanja ndi manja awiri, monga munthu agwirira mwana wa mnzake.

"Ndine yani ine kuti ndikanize munthu duwa? Ndichita, ndipo ndichita mokweza pamaso pa anthu onsewa monga mwapempha. Koma ndikuuziranitu mawu ake, kuti musadzati ndinakutcherani msampha. Masana ano inu mukukapempha dziko lonse kwa amene alisunga. M'mawa uno Che Ndembo akupempha kwa inu dziko lotalika ngati thupi lawo. Mulungu wamva mapempho onse awiri. Duwa yanga ikhala iyi: Mulungu, muyankheni Habibu monga momwe iye wayankhira Ndembo. Tsono sankhani nokha, bambo. Ndikweze manja panopa, kapena muyamba mwakatisonyeza pokumba?"