Khomo la Amayi pa Mtsinje wa Namilulu

Nangondo adatha masiku atatu osapeza tulo, ndipo chomusowetsa tulocho chidali mazira a nsomba. Ana inu, mvetserani za mayi ameneyu, chifukwa mwambi wina umene mumaumva kawirikawiri udabadwira m'banja lake.

Kalelo kudali mtsinje wotchedwa Namilulu. Mvula yoyamba ikagwa, madzi n'kufiira, ntchila zinkachoka m'nyanja n'kukwera mtsinjewo kukaswa kumtunda, kumene kudali miyala ndi madzi osaya. Mudzi uliwonse unkamanga biyo lake, ndiye kuti mpanda wa mitengo ndi bango wopingasa mtsinje, ndipo m'mipata yake ankatcheramo miono. Koma padali lamulo limodzi limene ngakhale mwana ankalidziwa. Pakati pa biyo pankasiyidwa mpata waukulu ngati munthu atatambasula manja. Mpatawo ankautcha khomo la amayi, poti m'pamene nsomba za mazira zinkadutsira.

Nangondo adabadwira kumtunda, koma adatengedwa chitengwa ndi Dzombe, mmisiri woluka miono wa mudzi wa kumunsi, kufupi ndi nyanja. Biyo la Dzombe ndilo linkayamba kukumana ndi nsomba. Chaka china mkuluyu adaima pakhomo paja, madzi akumulekeza m'chiuno, n'kumaona ntchila zikudutsa m'mbali mwa miyendo yake. Mtima udamuwawa. Adaluka mono waukulu kuposa yonse, nautchera pakhomo pomwepo.

Nsomba zidaphedwa zosaneneka, mpaka mitengo yoyanikirapo inkathyoka. Dzombe ankagawira mudzi wonse, choncho palibe adatsutsa. Nangondo ndiye ankatumbula, ndipo adaona kuti nsomba iliyonse yochokera mu mono waukuluwo idali ndi mimba yodzaza mazira. Agalu adadya mazirawo mpaka kuyamba kuwakana.

Atalephera kupirira adafunsa mwamuna wake, mwana wawo wamkazi Mwatitha ali kumbuyo.

"Bambo a Mwatitha, kodi khomo lija mwatsekeratu?"

"Ndatseka. Bwanji, nsombazo n'zachibale chako?"

"Zonsezi n'za mazira."

"Ndiye zonona zake zimenezo. Iwe zitumbula, za mtsinje usiyire amuna."

Sabata isanathe kudabwera Kamtedza, mlongo wake wa Nangondo, kuchokera kumtunda. Adapeza Dzombe ndi anzake ali pamthunzi akung'amba bango.

"Alamu, mwatitsekera khomo," adatero Kamtedza atalonjeredwa. "Kwathu miono ikugwira masamba okhaokha."

"Pepani alamu," adayankha Dzombe osakweza mutu. "Mwina nsomba zatopa nacho chitunda chanucho. Inunso mumachita wefuwefu pokwera, nanga izo zopanda miyendo?"

Amuna aja adaseka.

"Sekani," adatero Kamtedza. "Koma nsomba zanuzi zimabadwira kwathu. Azamba ake ndife, inu mumangolandira zitakula."

"Basi azamba apumuleko chaka chino."

Chaka chimenecho mbozi zidadya chimanga cha kumtunda. Zaka zina zikatere anthu ankapulumukira nsomba zouma, kudya zina, zina n'kusinthanitsa ndi ufa. Ulendo uno adalibe pogwira. Mwana wotsiriza wa Kamtedza adatupa mapazi, ndipo mvula isanathe adamwalira.

Uthenga udafika kumunsi madzi atadzazanso, nsomba zili pikitipikiti pabiyo. Nangondo adamanga nsalu m'chiuno kudikira mwamuna wake kuti anyamuke.

"Pita wekha ukandipepesere," adatero Dzombe. "Zawaonekera, zapita. Ine ndikalira, mwanayo adzuka? Nsombatu sizidikira."

Nangondo adapita yekha kumaliroko.

Mvula ikamatha, amayi okatunga madzi ankaona tiana ta ntchila tikutsika m'mbali mwa mtsinje, tambirimbiri, ngati mthunzi woyenda pansi pa madzi. Chaka chimenecho Nangondo ankakhalitsa padooko, mtsuko utadzaza kale, maso ali m'madzi. Adangoona mchenga. Atamuuza Dzombe, iye adaseka.

"Tsopano wayamba kuyang'anira ndi tiana ta nsomba tomwe? Nyanja yonseyi ingathe ndi mono umodzi?"

Chaka chachiwiri nsomba zidabweranso zambiri, ndipo Dzombe ankamunena mkazi wake pa anthu kuti ndi mlosi wa njala. Chachitatu zidachepa, zonse zikuluzikulu, popanda yaing'ono ndi imodzi yomwe. Anthu adati ndi mphepo. Pa nthawiyi makasu a kumunsi adali atachita dzimbiri, minda itamera tchire, poti ankati wolima ndi wosadziwa kutchera. A kumtunda, amene adasiya kudikira nsomba, adali atatsegula madimba n'kubzala nyemba, nandolo ndi mtedza.

Chaka chachinayi mvula yoyamba idagwa bwino, madzi n'kufiira monga kale. Mudzi wonse udatsikira kubiyo ndi madengu, amayi akuimba. Dzombe adalowa m'madzi ndi amuna atatu kuti akathandizane kunyamula mono waukulu uja. Atangougwira, adadziwa. Adautukula yekha ndi dzanja limodzi. Mudali matope ndi nkhanu ziwiri.

Nyimbo idaduka. Wina adati mwina zichedwa, zibwera mawa. Adadikira sabata, kenako mwezi. Mtsinje udadzaza n'kuphwa, kudzazanso n'kuphwanso, koma ntchila sizidaoneke.

Mwatitha apa n'kuti ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Adasiya kusewera. Tsitsi lake lidafiira n'kuyamba kuthothoka, ndipo tsiku lina Nangondo pomusambitsa adaona kuti mapazi atupa. Sadafunse munthu. Adamubereka ngati khanda n'kuyamba ulendo wa kumtunda. Dzombe adatsatira patali, mutu uli pansi.

Kamtedza adawayalira mphasa. Adatenga phazi la mwanayo n'kulidina ndi chala. Atachotsa chalacho, padatsala kadzenje kosabwerera.

"Wanga adayamba chomwechi," adatero.

Sadatukwane, sadakwezenso mawu. Mkazi wake adabweretsa phala lothira nsinjiro, ndipo onse adaonerera mwanayo akumwa pang'onopang'ono.

"Achimwene, tithandizeni," adatero Nangondo.

"Chemwali, nkhokwe yanga mwaiona. Ikhoza kudyetsa pakamwa pamodzi poonjezera, osati patatu. Mwanayu ndi mbumba yanga, atsala kuno. Inu bwererani mukafunefune makasu anu."

Dzombe adagwada. "Alamu, mwanatu ndi mmodzi yekhayu. Nyumba ikhala bwanji?"

"Nyumba imakhala, alamu. Yanga ija idakhala, inu osabwera n'kudzaiona komwe. Ndidamva kuti mudati zatiwonekera, zapita." Kamtedza adamuyang'ana nthawi yaitali. "Sizidapite. Zinkatsika ndi madzi, kubwera kwanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Anthu amene adali pamenepo adawasunga mawuwo, ndipo adafala m'midzi yonse ya m'mbali mwa mtsinje mpaka kufika kwa ife.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Tsoka likagwera mnzako, usaseke kapena kuyang'ana kumbali poganiza kuti lathera pa iye. Tsoka lili ngati madzi a mumtsinje, sakhala malo amodzi. Dzombe ankaona ngati njala ya kumtunda ndi ya eni ake, osadziwa kuti miyala imene adaimana nsomba ndi yomwe inkamulerera chakudya chake. Lero mukamva kuti nyanja yatsekedwa kuti nsomba ziswane, kapena mukaona wina akukokola tiana ta nsomba ndi neti ya udzudzu, musanene kuti izo n'za asodzi. Mbale imene idzasowe ndiwo ndi yanu yomwe.

Nangondo ndi Dzombe adabwerera kumunsi awiriwiri. Nsalu yoberekera ija Nangondo adaipinda n'kuinyamula m'manja.

M'mawa mwake adatenga chikwanje n'kupita kumtsinje yekha. Adalowa m'madzi ozizira mpaka m'chifuwa, nadula luzi lonse limene lidamanga mono waukulu uja, n'kuukankha kuti upite ndi madzi. Kenako adazula zikhomo zimene zidatchinga khomolo chimodzichimodzi, natambasula manja kuyeza ngati mpatawo wakwana. Adaima pambali n'kumayang'ana. Khomo lidali lotsegula, koma padangodutsa madzi okha.