Khwangwala Amene Analondera Munda wa Nagama

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu amene mukunamizira kusamva uko, kunali chaka chimene dzuwa linakwiya. Udzu unapsa. Zitsime zinatsika. Nkhuku zinkangoyenda kukamwa kuli yasa, ndipo paliponse panali fumbi lokhalokha.

Kumapeto kwa mudzi wina kunkakhala mayi wamasiye dzina lake Nagama. Kuseri kwa nyumba yake anali ndi kamunda, ndipo m'mphepete mwa kamundako munali chitsamba cha nandolo. M'chitsambamo Timba, kambalame kochepa ngati chala, anamanga chisa naswa ana atatu. Timba ndi Nagama ankakhala bwino. Mayiyo akamapeta, Timba ankatola gaga wogwa pansi, ndipo akakhuta ankapita kukachotsa mbozi pa mpiru.

Koma pamudzipo panalinso Khwangwala. Ha, Khwangwala! Pakhosi poyera ngati mkulu wa mpingo, koma m'mimba muli dzenje. Ntchito yake inali imodzi: anthu akadzala chimanga, iye ankabwera pambuyo kufukula mbewu phando ndi phando. Chaka chimenecho njala inamugwira msanga. Tsiku lina anatera pa nandolo paja, nthambi mpaka kuwerama.

"Iwe Timba, umakhala pafupi ndi khonde, umamva zonse. Nagama adzala liti?"

"Atsibweni, ine ndingadziwe bwanji? Mvula ndi ya Chauta."

"Khwaa! Sudziwa?" Anasuzumira m'chisa. "Koma ana akowa ndi onenepa."

Jo! Mezu! Anatsala awiri.

"Ndibweranso," anatero akupukuta mlomo panthambi. "Ukamadzandiyankha, uzidzayamba wawerenga ana."

Timba analira mpaka mawu anatha. Anapita kwa Pumbwa, Pumbwa anati ali ndi chimfine. Anapita kwa Njiwa, Njiwa anati iye nkhani za eni salowerera. Mbalame zilinso ngati ife, musaseke. Timba anabwerera yekha kuchisa.

Patapita masiku, kumwamba kunachita bii, mphepo inanunkha dothi. Mvula inagwa, waa, kamphindi chabe, n'kuleka. Imeneyo ndi chizimalupsa, ana inu, mvula yonyenga yongozimitsa moto wa kutchire. Wodzala nayo amalira, chifukwa mbewu ikangomera, dzuwa limabwerera kudzaiwotcha. Nagama ankadziwa zimenezi. Mbewu yake, ngala zisanu ndi ziwiri zokha, anaisiya chipachikire pa utsi m'khitchini.

Khwangwala sankadziwa. Iye ankadziwa kudya, kulima ayi. Analawirira m'munda nayamba kufukula mizere. Fukuu, fukuu, tsiku loyamba. Fukuu, fukuu, tsiku lachiwiri. Anapeza chiyani? Miyala, ndi fupa limodzi la chaka chatha. Mlomo unachita kutupa.

Anatera pa nandolo akupuma mwaukali.

"Mvula yagwa. Mbewu ili kuti?"

"Atsibweni, sanadzale. Mvula iyi si yodzalira, ndi chizima..."

Jo! Mezu! Anatsala mmodzi.

"Mawa dzuwa likafika pamutu undionetse mbewu. Apo ayi, m'chisa umu uzigonamo wekha."

Ulendo uno Timba sanalire. Misozi inali itatha, unatsala ndi mkwiyo wokha. Anafungatira kamwana kotsalako, kopanda ndi nthenga zomwe, kakungoyasamula kufuna chakudya, kosadziwa kuti abale ake apita kuti.

Dzuwa litapendeka, Timba anaona Nagama akulimbana ndi mwala waukulu wophwatalala pakona pa munda. Bwampini, khoswe wamkulu wa kutchire uja, anali atamuthera chinangwa, ndiye mayiyo ankamutchera diwa. Anautukula mwalawo ndi mpini wa khasu, nauchirikiza ndi kamtengo. Kukamtengoko anamangako luzi, kuluziko chitsononkho chokhala ndi njere zingapo zofumbwa, ndipo pansi anawazapo gaga. Wokoka chitsononkho amagwetsa kamtengo, mwala n'kumugwera. Timba analiyang'ana diwalo nthawi yaitali.

Mwamwayi Bwampini sanabwere, anali akadali wokhuta chinangwa. Kunacha mwala uli chiimire. Dzuwa litafika pamutu, Khwangwala uyu watera.

"Atsibweni, ndakupezerani," anatero Timba. "Mayi uja wachenjera chaka chino. Akuti inu mumafukula mizere, ndiye mbewu waibisa pansi pa mwala, akudikira mvula yeniyeni. Tiyeni mukaone."

Atafika, Khwangwala anapendeketsa mutu, diso lina pamwala, lina pa Timba.

"Mwala woima ndi mwendo umodzi ine sindiukonda. Lowa iweyo."

Timba anayandikira diwalo. Anayang'ana kumwamba, mwala uli lende pamutu pake. Anakumbuka kakamwa koyasamula kaja, nalowa. Luzi sanalikhudze. Anatola gaga, natuluka.

"Lowanso."

Analowanso, natola, natuluka. Ulendo wachitatu sanadikire kuuzidwa. Anakhalitsa m'katimo akujompha mokweza, jo, jo, jo, ngati wafika paukwati.

"Atsibweni, ngati mukuopa musadzivute. Ndiitana a Pumbwa ndi a Njiwa adzandithandize kumaliza. Palibe amene angakusekeni. Paja amati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba."

"Wamantha ndani? Khwaa! Choka apo, undithera mbewu yanga!"

Timba anatuluka, pyuu, nakatera pa nandolo. Khwangwala anawerama. Analowetsa mutu, analowetsa mapewa. Gaga sanamuyang'ane n'komwe. Kutola kamodzikamodzi ngati anzake iye sankadziwa. Analuma chitsononkho chonse, nakoka.

Phi!

Kunja kunangotsala mchira ndi miyendo iwiri ikupalasa fumbi. Inapalasa, inapalasa, n'kuleka.

Nagama atamva kugwa kwa mwala anathamanga, mtima uli pa nyama. Anautukula, nagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndinatchera ndiwo, ndakola mkulu wa mpingo!"

Khwangwala sadyedwa, ngakhale chaka cha njala. Choncho mayiyo anachita zimene alimi amachita. Anazika nsungwi yaitali pakati pa munda, namumangirira pamenepo miyendo kumwamba, mutu pansi, mapiko ali tambalale.

Mvula yeniyeni inabwera pa nthawi yake, yolowa pansi mpaka khasu kumira. Nagama anatsitsa ngala zake zija, nadzala. Akhwangwala a midzi ina anabwera gulu. Atangoona mnzawo akuzungulira ndi mphepo pansungwi, anabwerera m'mwamba momwemo osatera. Chimanga chinamera phando lililonse. Uja ankalakalaka munda wa Nagama anakhalamo dzinja lonse, mvula ikumuvumba, mpaka nthenga zinatha.

Pumbwa chimfine chinamuthera tsiku lomwe Khwangwala anafa, anabwera kudzati zikomo. Njiwa anayamba kuuza aliyense kuti nzeruyo anapereka ndi iye. Timba anangouluka kukasakira mwana wake mbozi.

Kamwana kake kanamera nthenga, kanauluka. Koma musaganize kuti Timba anavina. Masiku ambiri ankabwerabe kuchisa ndi mbozi zitatu pamlomo, n'kuima panthambi, n'kukumbuka kuti kukamwa kodikira ndi kumodzi.

Nthano yanga yagonera pamenepo. Amene anakwirira mbatata m'phulusa akaphule, isanasanduke khala. Ndipo inu a pakhosi poyera, ndikukuonani: ukadya ana a munthu, usamufunse njira.