Kochi Wobisa Pakamwa

Anthu andalama ali ndi nthenda imodzi: akagula chinthu amayesa agula ndi nzeru zake zomwe. A Vernon Szymanski analemera ndi malonda a matayala, kenaka anagula timu ya m'tauni yathu ya mpira uja woponya ndi manja, wogundana atavala zipewa zolimba. Chibadwire anali asanaponyeko mpira, koma Lamlungu lililonse ankakhala m'chipinda chawo cha magalasi pamwamba pa bwalo, soseji dzanja lino, makina oonera patali dzanja linalo.

Amene ankawadya mtima anali a Reggie Tolliver, kochi wokonza zoukira adani. Ntchito yawo inali youza woponya mpira zochita kudzera pa kawailesi ka m'chipewa, ndipo akamalankhula ankaphimba pakamwa ndi chipepala cholimba.

Timu itagonja kawiri motsatizana, a Szymanski anaitanitsa kochi wamkulu, a Odell Burkhart.

"Odell, mnzako uja amandinena."

"Amakunenani zotani, bwana?"

"Ndidziwa bwanji poti amabisa pakamwa? Munthu wachilungamo amalankhula mano ali poyera. Dzulo anayang'ana kuno, n'kudziphimba, anyamata n'kuseka."

"Bwana, chipepalacho ntchito yake ndi..."

"Khala chete! Zaka makumi atatu ndili pamalonda, kambelembele ndimamudziwa ndi maso."

A Tolliver anachotsedwa tsiku lomwelo. Potuluka ndi katoni yawo anangoti, "Muwauze achikulirewo azitsuka mano, makamera ndi ambiri."

Panatsala masewero amodzi okha. Kupambana, timu ikanalowa m'ndime yolimbirana chikho koyamba m'zaka khumi ndi ziwiri. Kugonja, chaka chathera pomwepo. A Szymanski analengeza kuti zoukira ayendetsa okha, ndipo mawu achinsinsi amene osewera ankagwiritsa ntchito anawathetsa. "Za Njati Yofiira ndi zachibwana. Kumanzere ndi kumanzere basi."

Lamlungu masana anatsikira m'mbali mwa bwalo atavala chijasi chatsopano, chisanu chili waa. Anayasamula kukamwa konse: "Ponyera kumanja, kwa wamtali uja!" Analozanso ndi chala. Adani onse anakhamukira kumanja, mpira n'kuuwakha ngati awapatsira. "Thamanga nawo pakati!" Pakatipo mnyamata anapeza zimphona zisanu zikumudikira.

Pa nthawi yopuma, woponya mpira Deshawn Pruitt anafika akulavula udzu.

"Bwana, bwanji muzingowaimbira foni adaniwo? Mungasase mawu ndi kukuwaku."

"Muno muli kazitape!" anakalipa a Szymanski. "Tolliver wagulitsa zinsinsi zathu."

"Zinsinsi zake ziti? Wogulitsa mowa kumipando yakumwamba uko akumandiuziratu koponyera."

A Burkhart anawatambasulira chipepala chija mwaulemu. "Tangoyesani kuphimba, bwana."

"Ine? Ndisanduke wamiseche pamaso pa tauni yonse?" Anachiponyera m'matope.

Tinagonja 41 kwa 3. Ochemerera anatuluka masewero asanathe, ena akuponya zipewa m'bini. Kochi wa adani anabwera kudzagwira a Szymanski chanza ndi manja awiri.

"Ambuye akudalitseni, achikulire. Tili ndi munthu wathu wowerenga milomo. Zaka zinayi Tolliver wamuzunza, sanaonepo ngakhale dzino lake. Lero munthuyo wawerenga mphindi zisanu, kenaka wapita kukagula khofi. Akuti mumalankhula momveka bwino zedi."

A Szymanski anaima chiimire, makutu ali psuu. Koma wolemera salakwa. M'mawa mwake anachotsanso a Burkhart, mlandu wake woti sanawafotokozere ntchito ya chipepala chija. Sabata isanathe, a Tolliver analembedwa ntchito ndi adani omwe aja, ndipo chikho tikungochionera pa kanema mpaka lero.

Funso limodzi likanakwana, ndipo yankho linali laulere. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.