Makina Osokera a Bambo Kamtedza

Kalekale, ine ndisanabadwe, bambo anga, a Zefaniya Kamtedza, adachoka ku Dedza wapansi kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Zimbabwe. Kumeneko adakwatira amayi anga, Mshona, nagula makina osokera zovala. Adasoka zaka makumi anayi osapondanso kwawo, ndipo kumudzi adangowatcha mtchona.

Matenda atakula adandiitana. "Mwanawe, ine ndikagone pafupi ndi amayi anga. Amene adzandifikitse kumeneko udzampatse makinawa, ndipo iyeyo ndiye adzakhale mbale wako." Amayi ondibereka ine anali atatsogola kale. Bambo atamwalira ndidatsala ndekha, mtembo uku, makina uku.

Woyamba kuthandiza anali amalume, a Tichaona, mlongo wawo wa amayi. Adaphwasula ngolo yawo yokhayo, nakhoma bokosi ndi matabwa ake. Adayendanso m'maofesi mpaka mapepala otulutsira maliro m'dzikomo adapezeka. Nditafunsa ngati ndingadzabwerere pakhomo pawo, adandiyankha akupukuta manja: "Kuno mwana ndi wa bambo ake. Iwe ndiwe Mnyasa. Tsatira bokosilo."

Wachiwiri anali a Jekete, mnzawo wa bambo, dalaivala wa lole. Anzawo onse adakana kunyamula maliro, koma iwo adangoti tikweze. Ku Tete lole idafa, dzuwa likuswa mtengo. A Jekete adatunga madzi ku Zambezi pamutu ngati mayi, nanyowetsa masaka, nafunditsa bokosi tsiku lonse mpaka injini idalira. Nditawapempha kuti andisunge, adaseka. "Ine ndemwe kwathu sindikudziwa, mphwanga. Ndikusunge pati, kunsi kwa mpando?"

Wachitatu anali Lufeyo, msuweni wanga, mwana wa mlongo wawo wa bambo. Titafika kumudzi, adzukulu okumba manda adakana kugwira khasu. Adati munthu amene sadabwere pa maliro a amayi ake omwe asafune manda lero. Wachibale sakumba manda a mbale wake, koma Lufeyo adavula malaya, nakumba yekha dothi louma la mu Okutobala mpaka m'manja mudatuluka magazi. Bambo adagona pafupi ndi amayi awo. Tsiku lometa nditapempha kamalo koti ndimangepo kanyumba, Lufeyo adati, "Msuweni, kuno mwana ndi wa kuchikazi. Kwanu n'komwe kuli amalume ako. Ngakhale Chichewa chakocho chikununkha ulendo."

Tsopano onse atatu akufuna makina. Amalume atumiza mawu kuti popanda bokosi ndi mapepala, bambo akadaikidwa kuseri kwa shedi ya fodya. A Jekete aimika lole pamsewu, akuti popanda iwo bambo akadaolera ku Tete. Lufeyo wasesa kale pakona ya nyumba yake poti aikepo makinawo, ati bokosi ndi lole n'chabe ngati palibe dzenje.

Theka lina la mawu a bambo, loti adzakhale mbale wanga, palibe akulikumbuka. Womwalira adampezera matabwa, madzi ndi dothi. Ine wamoyo ndikukhala pakhonde la tchalitchi, makina ndawafunditsa jekete la bambo, ndipo ana akadutsa amati, "Uyo Mzimbabwe uja."

Inu amene muli ndi kwanu, weruzani. Atatu onsewa adafikitsa bambo anga kwawo, ndipo atatu onsewa andikana ine. Makinawa ndipatse yani?